Za Izeki ndi Jakobo, Amuna Awiri Amene Anatiseketsa

Sitikhulupirira kuti mwa inu amene mwapitirira zaka 30 alipo wina amene sanamvepo dzina la Izeki. Ife a kuno kwa Khombedza, m'mbali mwa mseu wocokera ku Salima kunka ku Nkhotakota, tiri kutali ndi nyumba za masewero za ku Blantyre, ndipo ambiri a ife sitinamuone munthuyo ndi maso. Koma mau ace anatipeza pa wailesi, pambuyo pace nkhope yace inatipeza pa kanema, kufikira dzina lace linasanduka mau a pamudzi. Mwana akayankha mokhota, amace amati, Kodi iwe wasanduka Izeki? Tsono popeza iye ndi mnzace onse awiri anatisiya, tayesa kwabwino kukamba za nchito yao, pakuti alipo ena pakati pathu amene saiyesa nchito konse.

Dzina lace leni leni anali John Nyanga, ndi mnzace uja wochedwa Jakobo anali Eric Mabedi. Onse awiri anakulira m'gulu la masewero lochedwa Kwathu, limene linayamba ku Blantyre kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Masiku amenewo ulemu unali pa masewero a m'Cingerezi. Ana a sukulu za sekondale anapikisana m'Cingerezi caka ndi caka, ndipo Du Chisiza, amene anayambitsa gulu la Wakhumbata m'caka ca 1987, anachuka ndi masewero a cinenero comweco. Koma a Kwathu anasankha kulankhula monga tilankhula ife pamtondo ndi padooko, kotero kuti mai wosadziwa kulemba dzina lace anamva zonse, naseka pamodzi ndi mphunzitsi. Dzina la gululo linanena zoona.

Tikumbukirenso kuti inali nthawi ya cipani cimodzi, pansi pa Dr. Banda, ndipo panali lamulo la caka ca 1968 lakuti sewero lisaonetsedwe kwa anthu popanda cilolezo ca bungwe la boma loyang'anira zimenezi. Munthu woseketsa anayenera kuyenda ngati woponda pa minga. Cifukwa cace anthabwala a nthawi imeneyo anatembenukira ku zinthu za m'nyumba: ukwati, ngongole, mowa, ulesi, bwana ndi wanchito wace, munthu wa m'tauni ndi mbale wace wocokera kumudzi. Ena amati anathawa zinthu zazikulu. Ife sitibvomereza, pakuti zimene zipasula banja pamudzi pano ndi zomwezo.

Macitidwe ao anali osabvuta kuwaona, koma obvuta kuwacita. Amuna awiri aimirira pamaso pa anthu, alibe nyumba yomangidwa kapena katundu wambiri, ali ndi pakamwa pao ndi nkhope zao basi. Wina afunsa monga munthu wanzeru wofuna kulongosola nkhani. Mnzace ayankha monga wopusa, koma kuyankha kwaceko kugwetsa nzeru zonse za wofunsayo, ndipo anthu apfuula ndi kuseka. Ambiri potuluka anatama Izeki yekha, popeza iye ndiye anali ndi nkhope ija yoseketsa asananene kanthu. Koma inu a kunyanja mudziwa kuti khoka liri ndi zingwe ziwiri, ndipo a cingwe cimodzi akakoka msanga kuposa anzao, khoka lipendekeka, nsomba nizithawa. Jakobo ndiye anagwira cingwe cinaco. Anadziwa pamene ayenera kufunsa, pamene ayenera kukwiya, ndi pamene ayenera kukhala cete kuti anthu atsirize kuseka. M'kuweruza kwathu nchito yace inali yolemera koposa, cifukwa anaicita podziwa kuti m'manja aombera mnzace.

Tsono tibwere kwa akulu ena amene amati, Zonsezi nzacabe. Munthu wamkulu, wa ndevu zace, angadye bwanji za kupusa? Tiwafunsa akuluwo kuti akumbukire za adzukulu. Pakagwa maliro pamudzi, eni ace a maliro sakumba manda, pakuti manja ao ali olefuka. Afika adzukulu, nakumba, nanyamula, naika. Ndipo pakati pa nchito yowawayo iwo okha ali ndi ufulu wa kunena zoseketsa. Agwira nkhuku ya mwini mudzi osapempha, adandaula kuti nsima yacepa, ayerekeza kayendedwe ka womwalirayo ndi kalankhulidwe kace, kufikira mkazi wamasiye, amene sanadye masiku awiri, amwetulira pansi pa nsaru yace. Palibe mkulu amene amawadzudzula, cifukwa onse adziwa kuti popanda iwo cisoni cikadatsamwitsa anthu. Momwemonso msuwani anena kwa msuwani wace mau amene mbale sangathe kunena kwa mbale wace popanda mlandu. Makolo athu anapatula malo a munthu woseketsa, namupatsa ufulu umene sanaupatse ngakhale nkhoswe. Izeki ndi Jakobo anatenga malo omwewo, nakhala adzukulu a dziko lonse m'zaka za njala, za matenda a Edzi, ndi za kukwera kwa mitengo ya zinthu.

Ndipo kuseka kwa mtundu uwu kumalowa pamene cidzudzulo sicilowa. Tonse timdziwa munthu wa mtundu uja amene agulitsa thonje lace, nalandira ndarama za caka conse, nafika kunyumba patapita masiku atatu ali ndi sopo mmodzi yekha. Ankhoswe akamuitana aumitsa khosi, nati, Munda ngwanga. Koma munthu yemweyo akakhala pakati pa anzace namva woseketsa alikufotokoza mocenjera m'mene ndarama zace zinathera, aseka koposa onse, pakuti palibe wamchula dzina. Ndipo ali mkati moseka azindikira kuti maso a anzace ali pa iye. Sitinena kuti munthu wotere atembenuka tsiku lomwelo. Tinena kuti wadziona, cimene sanalole kucita pabwalo.

Pano tiyenera kusiyanitsa, cifukwa akulu aja ali nako kulungama kwao. Si kuseketsa konse kuli kwabwino. Alipo anyamata masiku ano amene ajambula timasewero pa lamya za m'manja, ndipo nzeru yao yonse ndiyo kuyerekeza wopunduka, wacibwibwi, kapena munthu wa mtundu wina ndi kalankhulidwe kace. Kumeneko ndi kutonza, ndipo mwana ali yense wosaleredwa akhoza kutero. Izeki anasenza kupusako pamutu pace iye mwini, nalola kuti khamu limseke iye, ndipo pomseka iye anthu anaseka za m'nyumba zao. Kuti munthu wanzeru abvale kupusa caka ndi caka, napite nako ku msika ndi ku maliro kumene anthu amuloza cala ndi kuyamba kuseka asanapereke moni, pafunika mtima wodzicepetsa umene ambiri a ife tiribe.

Za malipiro ace a nchitoyi tinene mwacidule. Wosewera adya za pakhomo, ndiko kuti ndarama zimene anthu apereka polowa, ndipo pa zimenezo alipira nyumba, galimoto ndi anzace onse a m'gulu. Pamene kanema wa boma anayamba m'caka ca 1999, nkhope zao zinadziwika ponse ponse, ndipo amalonda anawafuna kuti alengeze katundu wao. Koma zojambulidwa zija zinayamba kuyenda zokha. Pa malo a malonda ali onse alipo mnyamata wokhala ndi kompyuta amene akuikirani masewero m'lamya pa mtengo wocepa, ndipo pa ndaramayo palibe tambala imene ifika kwa wosewera kapena kwa ana ace. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa m'caka ca 1992 kuti liteteze eni nchito zotere, koma dzanja lace silifika pa khonde liri lonse.

M'zaka zace zotsiriza John Nyanga anali mbusa wa mpingo, cinthu cimene cinadabwitsa iwo amene anayesa kuti Izeki wa pa nsanja ndi munthu wa kunyumba ali mmodzi. Anadwala nthawi yaitali, namwalira ku Blantyre m'caka ca 2016. Pamenepo anthu anafunsana, Nanga Jakobo adzatani? Funsoli si lacilendo. Ku America kunali amuna awiri oseketsa pa zithunzi zoyenda, Stan Laurel ndi Oliver Hardy, wina woonda, wina wonenepa. Ndipo pamene Hardy anamwalira m'caka ca 1957, Laurel anakana kusewera konse kufikira imfa yace m'caka ca 1965. Eric Mabedi sanatero. Anali ndi gulu la Kwathu m'manja mwace, ndi anyamata ndi atsikana oyang'ana kwa iye, ndipo anapitirira kulitsogolera ndi kusewera nalo zaka 5, ngakhale cingwe cina ca khoka cinali citagwa pansi. Dzina la Jakobo silinamcoke.

Iye anamwalira m'mwezi wa August, caka ca 2021, ndi nthenda ya Covid-19, pamene nthendayo inadzaza zipatala za dziko lino kacitatu. Masiku amenewo boma linaletsa misonkhano yaikulu, ndi pamaliro pomwe anthu anawerengedwa. Adzukulu anakumba atabvala nsaru pakamwa, naika msanga, nabalalika osagwira nkhuku ya munthu. Mbiri ya imfa yace inatipeza kuno pa wailesi, mphepo ya mwera irikuomba, asodzi atakokera mabwato ao pamtunda.