Kompyuta siimva kugogoda kwa pikapu

Pikapu iliyonse yoyenda m'misewu yathu tsiku lina imayamba kugogoda kutsogolo. Kaya ndi ya mpingo, ya mlimi wa fodya kapena ya matola, ikamenya maenje ndi mabampu kwa miyezi ingapo mumayamba kumva "gudu! gudu!" pansi pa mapazi. Zimenezi sizinasinthe chiyambire ndili mnyamata. Chimene chasintha ndi zimene timachita tikamva phokosolo, ndipo kusintha kumeneku kumandidetsa nkhawa chifukwa kukutidyera ndalama komanso kukuika pachiswe anthu amene timawanyamula.

Za galimoto ndinaphunzira m'zaka za m'ma 1980 kwa amalume anga, amene anali ndi kagalaja kawo ku Ntcheu. Ambiri obwera kumeneko anali onyamula kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano ndi ku Lizulu. Galimoto zawo zinali zodziwika: Peugeot 404, Datsun, Toyota Stout, Hilux ndi Land Rover. Masipeya anali osowa. Kuti upeze kachitsulo kamodzi unkakwera basi mpaka ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo ukagula cholakwika ndiye kuti ulendo wonsewo wapita pachabe. N'chifukwa chake makaniko wa nthawi imeneyo sankatuma munthu asanatsimikize chimene chatha.

Kufufuza kunkayamba ndi pakamwa. Amalume sankagwira sipanala asanamukhazike pansi dalaivala. "Achimwene, ikulira nthawi yanji? Pabampu, pokhota, kapena mukaponda mabuleki? Ikugogoda kamodzi kapena ikubwerezabwereza? Mukuimva m'manja pachiwongolero, kapena kumapazi?" Yankho lililonse linkachotsa zokayikira zingapo. Kugogoda kopepuka kobwerezabwereza pamsewu wa miyala kunkaloza ku stabilizer ndi mabushi ake, kapena ku labala wa shock absorber. Kugunda kolemera kamodzi tayala likagwa m'dzenje kunkaloza ku ball joint kapena ku mabushi a mkono wogwira tayala, umene amakaniko amati control arm. Kugunda kamodzi poponda mabuleki, n'kubwerezanso pobwerera m'mbuyo, kunkatanthauza kuti pali chinthu chikusuntha kupita kutsogolo ndi kumbuyo: bushi yotha, bawuti yomasuka, kapena mabuleki ogwedera. Phokoso lofika m'manja linkatitengera ku tie rod end, ku idler arm kapena ku bokosi la chiwongolero.

Akamaliza mafunso ankakwera galimotoyo, mawindo onse ali otsegula, n'kukaiyendetsa pang'onopang'ono pa kamsewu koipa kamene ankakadziwa bwino. Ine ankandiuza kuti ndiyende pambali pa tayala, khutu lili tcheru. Pobwera m'pamene jeki inkatuluka. Lamulo loyamba linali lakuti munthu salowa pansi pa galimoto yodalira jeki yokha. Tinkaika kaye zitsulo zochirikiza ndi kutsekera matayala akumbuyo.

Tayala likakhala m'malere, unkaligwira pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likagwedera, wina ankaponda mabuleki iwe n'kugwedezanso. Kugwederako kukatha, vuto ndi beringi. Kukapitirira, yang'ana ball joint. Kenako unkaligwira kumanzere ndi kumanja, mnzako atagwira tie rod end ndi dzanja, chifukwa chala chimamva kugwedera kumene diso silingaone. Panalinso chinsinsi china chimene amalume ankachibwereza kawirikawiri. Pa galimoto zimene sipuling'i kapena torsion bar imakankha mkono wapansi, jeki iyenera kukhala pansi pa mkonowo. Mukanyamula pa chasisi, mphamvu ya sipuling'i imafinya ball joint, ndipo ngakhale yotheratu imaoneka yolimba. Mukaika jeki pamalo ake n'kutukula tayala ndi chitsulo chochotsera matayala, kugwedera konse kumaonekera poyera. Ine ndikafuna kuthamangira kumasula, ankangoti, "Mwana iwe, dekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Galimoto za nthawi imeneyo zinkapangidwa kuti zizisamalidwa ndi manja. Pansi pake panali timabowo tambiri topopera girizi, ndipo dalaivala wosamala ankabwera nayo kawirikawiri, makamaka nyengo ya dzinja akaoloka madzi ndi matope. Popopa girizi watsopano, wakale wa mchenga ankatuluka, ndipo wopopayo ankaona chilichonse cha pansipo: labala wong'ambika, nati yopanda pini yake, U-bolt yomasuka. Vuto linkagwidwa lisanayambe n'kulira komwe. Maberingi a kutsogolo tinkawatsuka, kuwapaka girizi ndi kuwamanga mwa muyezo. Hilux ya 4x4 ya masiku amenewo, yokhala ndi ekisero imodzi yolimba kutsogolo ndi masipuling'i a mapale, inkagwedeza munthu mpaka msana kuwawa, koma zogwedera zake zinali zochepa ndiponso zosavuta kuzipeza.

Sikuti zonse za kale zinali zabwino. Kusowa kwa masipeya kunaphunzitsa anthu kudula mabushi kuchokera ku matayala akale, ndipo ena ankamenya chikho cha ball joint ndi hamala kuti chifinyike, phokoso lileke. Amalume ankalola bushi ya tayala kuti munthu akafike kwawo, koma za hamala ankakanitsitsa, chifukwa ball joint yomenyedwa imasiya kulira koma sisiya kutha. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa nzeru zonse za nthawi imeneyo, ya hamalayi ndi imene ikadali moyo m'magalaja ena mpaka lero.

Kuchokera mu 1994, malonda atamasuka, zinthu zinasintha mofulumira. Galimoto zakale za ku Japan zinayamba kulowa zambiri, zina kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, zina kudzera ku Durban ndi ku Mwanza. Mapikapu nawo anasintha kapangidwe. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ekisero yolimba ija inali ikuchoka pa Hilux, tayala lililonse lakutsogolo n'kumayenda palokha. Hilux imene inayamba kupangidwa ku Durban mu 2005 inabwera ndi masipuling'i opiringiza kutsogolo ndi chiwongolero cha rack and pinion, ndipo Ford Ranger ndi Isuzu nazo zinatsata njira yomweyo. Galimoto zimenezi zimayenda mofewa, zimakhota bwino, zimaima msanga. Wina aliyense amene anayendapo ulendo wautali pa yakale ndi pa yatsopano sangatsutse zimenezi.

Koma zambiri zogwedera za pansi pake zinabwera zomata, zopanda kabowo ka girizi. Ball joint ili ngati mfundo ya m'chiuno mwa munthu: mutu wozungulira wokhala m'chikho, wotetezedwa ndi kalabala kosunga girizi. Kalabalako kakang'ambika, fumbi ndi madzi zimalowa, ndipo palibe njira yotulutsira mchengawo. Chimatsala n'kusintha basi. Chizolowezi cholowa pansi pa galimoto chinazilala pamodzi ndi mpope wa girizi, moti lero eni galimoto ambiri amasintha oyilo mokhulupirika koma sadziwa mmene pansi pa galimoto yawo pamaonekera. Dalaivala naye watseka mawindo, wayatsa zoziziritsa mpweya, wailesi ili pamwamba. Kugogoda kumene bambo ake akanakumva tsiku loyamba, iye amakumva patatha miyezi.

Masipeya, amene kale tinkawasaka ndi basi, tsopano ali ponseponse. Pitani ku Ndirande kapena kwa Biwi, musanatsike n'komwe anyamata akufunsani kale: "Bwana, mukufuna orijino, yotchipa, kapena yochotsa pa galimoto ina?" Kupezeka kwa zinthu n'kwabwino, koma kwatiphunzitsa kufufuza ndi thumba. Tisinthe ichi tione. Likapitirira phokoso, tisinthe chinacho.

Pamwamba pa zonsezi panabwera kompyuta. Kuyambira mu 1996 dziko la America linalamula kuti galimoto zing'onozing'ono zogulitsidwa kumeneko zikhale ndi polumikizira makina ofufuzira a OBD-II, ndipo patapita zaka njira imeneyi inafalikira pa galimoto za m'maiko ambiri. Lero zikwangwani za computer diagnosis zili m'matauni athu onse. Makinawa ndi othandiza kwambiri. Injini ya dizilo ya masiku ano, monga D-4D, simungaikonze bwino ndi khutu lokha. Komabe kompyuta imawerenga zokhazo zimene zili ndi sensa: injini, giyabokosi, ABS, ma airbag. Pa ball joint ya pikapu palibe sensa. Pa bushi palibe waya. Tie rod end itha kutsala pang'ono kuzuka, kompyuta n'kunena kuti zonse zili bwino, ndipo sikuti yanama. Yafunsidwa zimene siingamve.

Mwana wa mchemwali wanga, amene amanyamula katundu wa anthu pa pikapu yake, anakumana nazo zimenezi. Itayamba kugogoda kumanzere, anapita nayo pagalaja ina pomwe anailumikiza ku kompyuta, sanapeze kanthu, n'kumuuza kuti agule ma shock absorber awiri. Phokoso silinathe. Anasinthanso rack end, osatha. Atabwera kwathu anati, "Amalume, ndalama zatha koma ikulirabe." Tinamasula stabilizer link ya kumanzere, kuimangirira pambali ndi waya, n'kuyenda pang'onopang'ono pa msewu wa fumbi wa kuseri kwa nyumba. Kunali zii. Kachitsulo kotchipa kuposa zonse zimene anagula ndi kamene kanatha. Chiyambireni pamene ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sipeya iliyonse yochokera kunja yakwera mtengo koopsa, ndipo kulota kotereku kungathe kudya phindu la mwezi wonse la munthu wa pikapu.

Ndalama zimabwerera, koma pali zina zosabwerera. Tonse tinaonapo galimoto itagwada m'mbali mwa msewu, tayala lakutsogolo litapindikira mkati. Kawirikawiri imeneyo ndi ball joint yapansi imene yazuka, ndipo nthawi zambiri inakhala ikuchenjeza kwa nthawi yaitali. Tie rod end ikazuka, chiwongolero chimazungulira koma tayala silimvera. Zikachitika pa liwiro la kumudzi, anthu amatsika n'kudandaula. Zikachitika potsetsereka ku Chiweta, kumbuyo kuli amayi ndi ana ndi matumba a chimanga, mudzi umalira maliro. Mapikapu ambiri anapangidwa kuti azinyamula katundu wa pafupifupi tani imodzi, koma tikudziwa mmene timawasenzetsera. Chiphaso cha COF chimangonena za tsiku limene galimoto inayesedwa, sichinena za maenje amene yamenya kuchokera tsikulo.

Sindikuimba mlandu amakaniko achinyamata. Ambiri a iwo, kuphatikizapo atsikana amene kale sitinkawaona pagalaja, adutsa m'makoleji a ntchito zamanja monga Nasawa, Lilongwe ndi Mzuzu, pansi pa ndondomeko ya TEVETA imene inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo amadziwa za magetsi a galimoto zimene amalume sakanazimvetsa. Ali ndi makina olungamitsira matayala olondola kuposa chingwe chimene ife tinkagwiritsa ntchito. Dalaivala ali ku Chitipa atha kujambula phokoso pa foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa makaniko wake ku Mzuzu. Wophunzira atha kuona pa YouTube mmene amamasulira mkono wa galimoto imene sanaigwirepo. Zida zilipo zambiri kuposa kale.

Vuto lalikulu lili ndi ife eni galimoto. Timafuna galimoto ituluke lero lomwe. Timalipira mosanyinyirika makaniko akalumikiza chingwe cha kompyuta kwa mphindi zochepa, koma akatha ola lathunthu akuyendetsa, akunyamula ndi jeki, akugwedeza tayala, n'kupeza bawuti imodzi yomasuka, timati, "Kungomanga bawuti basi, ndikulipire chiyani?" Makaniko amaphunzirapo kanthu pamenepo: kumvetsera kulibe malipiro, kusintha sipeya ndiye kuli ndalama. Luso limene sililipiridwa silikhalitsa, ndipo wamkulu wa pagalaja sangataye nthawi kuphunzitsa mnyamata chinthu chimene sichidzamudyetsa.

Choncho pikapu yanu ikayamba kugogoda, zimitsani wailesi, tsitsani galasi, ndipo zindikirani nthawi imene ikulira kuti mukafotokoze bwino. Yambani mwaona manati a tayala, chifukwa nawonso amagogoda akamasuka. Pagalaja, pemphani makaniko akwere nanu, ndipo musagule sipeya asanakuonetseni ndi maso anu pamene pakugwedera. Akasintha bushi ya mkono, aimange komaliza galimoto itaponda pansi, apo ayi labalayo amapotoka n'kung'ambika msanga. Akagwira tie rod end, rack end kapena ball joint, kalungamitseni matayala, kuti asadyeke mbali imodzi. Ngati chogwedera ndi ball joint kapena tie rod end, musanyamule munthu kufikira mutakonza. Ndipo makaniko amene wapeza vuto ndi khutu ndi manja ake, mulipireni mokwanira ngakhale sanasinthe kanthu. Inunso akuluakulu a m'magalaja, musanamuphunzitse mnyamata kugwira kompyuta, muphunzitseni kugwira tayala.