Xefi wa Turma ndi Pepala la Maina

M'caka ca 1994, m'mudzi wina wa ku Angónia, m'cigawo ca Tete, munali mtsikana wa zaka 9. Iye anali m'kalasi yoyamba. Ana ambiri a m'kalasimo anali aakulu ngati iye. Onsewo anacedwa kuyamba sukulu cifukwa ca nkhondo.

Mtsikanayu anakulira ku Dedza, m'dziko la Malawi. Agogo ake anathawira naye kumeneko ali wa kumsana. Pa nthawi ya nkhondoyo anthu a ku Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Pa 4 Okutobala 1992 atsogoleri anasaina pangano la mtendere ku Roma, ndipo nkhondo inatha. Anthu anayamba kubwerera kwao. Agogo nao anabwerera. Anabwera ndi adzukulu awiri, mphika umodzi, khasu, ndi mbeu ya cimanga yomanga pa kansalu.

Sukulu ya m'mudzimo inalibe denga. Ana ankakhala pa njerwa, pansi pa mtengo wa mkuyu. Bolodi linali thabwa lakuda lokoleka pa mtengowo. Coko cinali cocepa. Aphunzitsi ankacisunga m'kacitini.

Ku Dedza mtsikanayu anaphunzira kulemba maina a anthu. Anamuphunzitsa ndi mlongo wake, polemba ndi cala pa dothi. Aphunzitsi ataona zimenezi anakondwa.

"Iwe ukhala xefi wa turma," anatero aphunzitsi.

Xefi wa turma ndiye mtsogoleri wa ana m'kalasi. Aphunzitsi anamupatsa zinthu ziwiri. Coyamba, kacitini ka coko. Caciwiri, pepala lolembapo maina.

Masiku amenewo maphunziro onse anali m'Cipwitikizi. Mwana wocita phokoso ankalembedwa dzina. Mwana wolankhula Cinyanja m'kalasi nayenso ankalembedwa dzina. Wolembedwayo ankatsala kusesa bwalo anzake atapita kwao.

Tsiku limenelo mtsikana anathamangira kunyumba. Agogo anasangalala, ndipo anamuphikira mbatata. Anzake anayamba kumuitana kuti "a Xefi". Dzina lake lenileni linangotsala kunyumba.

Xefi analikonda pepala lija. Analikonda kuposa phada.

Mnyamata wina ananong'oneza mnzake kuti, "Ndibwereke pensulo." Xefi analemba dzina. Kamtsikana kena kanalumidwa ndi linthumbwi, nkukuwa kuti, "Mayo!" Xefi anaganiza pang'ono. Kodi "mayo" ndi Cinyanja? Anaona kuti inde. Analemba dzina.

Bwalo la sukulu linayera ndithu. Koma anzake anasiya kuseka naye. Iye akafika, onse ankakhala cete. Pa phada analibenso malo. Cimanga cokazinga cinkadutsa m'manja mwa ena onse, koma iye ai.

Aphunzitsi aakulu a pa sukulupo anali ndi nzeru. Iwo anaona kuti maxefi a makalasi onse ndi ana, ndipo mwana sabadwa akudziwa kutsogolera. Tsono anapempha akuluakulu a m'deralo kuti azibwera kudzaceza ndi maxefiwo pa Lacisanu, sukulu ikatha.

Oyamba kubwera anali namwino wa pa cipatala caching'ono. Anabwera pa njinga, atamanga buku lalikulu kumbuyo.

"Ana anga, nchito ya xefi ndi yotani?" anafunsa amayiwo.

Xefi anaimika dzanja msanga. "Kulemba maina, amayi."

"Cabwino. Inenso ndimalemba maina. Bwerani muone."

Anatsegula buku lija. Munali maina ambiri a makanda. Namwino anafotokoza kuti mwana akakwana miyezi 9 amalandira katemera wa cikuku. Cikuku ndi nthenda yoopsa, imapha ana. Mwana akalandira katemera, iwo ankaika cizindikiro pa dzina lake.

"Nanga apa popanda cizindikiro?" anafunsa xefi wa kalasi yacitatu.

"Ameneyo sanabwere. Mawa ndikwera njinga kukamufuna. Buku ili limandiuza mwana amene ndiyenera kukamufuna."

"Simumupatsa cilango?" anafunsa Xefi.

Namwino anaseka. "Khanda la miyezi 9 lingasese bwalo?"

Ana onse anaseka. Xefi naye anaseka, koma mau aja sanawamvetse bwino. Mau ena amakhala ngati mbeu yogwa m'cilimwe. Imadikira mvula.

Patapita masiku, aphunzitsi anatsegula kacitini. Zidutswa ziwiri za coko zinasowa. Imeneyi inali nkhani yaikulu, cifukwa coko cinkacokera kutali, ku Ulónguè.

"Xefi, coko cili kuti?"

Xefi anacita mantha. Mtima unagunda. Anayang'ana uku ndi uku. Pafupi ndi mtengo panakhala mnyamata wina woweta mbuzi. Iye ankafika mocedwa masiku ambiri, cifukwa ankayamba wamangirira mbuzi ku dambo. Dzina lake linali pa pepala kawirikawiri. Xefi anamuloza.

"Watenga ndi uyu, aphunzitsi."

Mnyamatayo anakana. Analira. Koma xefi anali atanena. Mnyamata anasesa bwalo masiku atatu. Tsiku lacinayi sanabwere. Mai ake anati, "Mwana wanga si wakuba. Bola azingoweta mbuzi."

Njerwa yake inakhala yopanda munthu sabata yathunthu.

Loweruka agogo anapita kukacapa ku mtsinje. Anatenganso kathumba ka nsalu kamene Xefi ankanyamuliramo kacitini. Atakapindula, munagwa zidutswa ziwiri za coko. Kacitini kaja kanali ndi dzimbiri, ndipo kanali katabooka pansi.

Madzulo agogo anaika coko pa mphasa, patsogolo pa mdzukulu wao. Sanakalipe. Anangoti, "Izi ndazipeza m'kathumba kako."

Xefi sanadye nsima usiku umenewo.

Akanatha kubisa. Akanatha kubwezera coko m'kacitini mwakacetecete, nkunena kuti wakuba wabweza. Lolemba anapita naco ku sukulu m'dzanja, koma anabwera naconso kunyumba. Laciwiri cimodzimodzi.

Lacisanu lotsatira maxefi sanacezere pa sukulu. A mfumu anawaitanira ku bwalo lao kuti akaone mmene mlandu umakambidwira. Ana anakhala pansi kumbuyo kwa amayi. Mlandu unali wa mbuzi zimene zinadya ndiwo m'dimba la munthu.

Mwini dimba analankhula nthawi yaitali. A mfumu anamvetsera osamudula. Kenaka mwini mbuzi naye analankhula. A mfumu anamvetseranso. Atatha onse, a mfumu anafunsa funso limodzi.

"Amene anaona mbuzizo ndi maso ake ndani?"

Panalibe. Mwini dimba anangopeza mapazi a mbuzi. Koma m'mudzimo mbuzi zinalipo zambiri. A mfumu anatembenukira kwa nduna zao, nakambirana nazo motsitsa mau. Pomaliza anati mlandu uyambe wadikira mpaka mboni ipezeke. Anatinso eni mbuzi onse athandize kukonza mpanda wa dimbalo.

Anthu atabalalika, a mfumu anaitana ana aja.

"Mwaona ciani, adzukulu anga?"

Wina anati, "Simunagamule, a mfumu."

"Eya. Sindinaone, ndipo palibe amene anaona. Ndikaloza munthu ine, mudzi wonse umuloza. Cala ca mfumu ncolemera. Ncifukwa cake ndimafunsa nduna. Mutu umodzi susenza denga."

Xefi anayang'ana cala cake. Kenaka anagwada, nafunsa ndi mau aang'ono.

"A mfumu, nanga mfumu ikaloza munthu wosalakwa?"

A mfumu anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhani za m'mudzi sizibisika kwa mfumu, ndipo mwina agogo anali atadutsako kale.

"Imapita yokha kunyumba kwa munthuyo, mwanawe. Situma mthenga."

Mmawa mwake Xefi ananyamuka ndi agogo. Anapeza mai a mnyamata uja akupeta cimanga. Xefi anagwada patali, natambasula manja. M'manjamo munali coko.

"Amayi, ndinalakwa. Mwana wanu sanabe. Coko cinagwera m'kathumba kanga."

Maiwo anapitiriza kupeta. Sanayankhe msanga. Anali ndi cifukwa cokwiyira, pakuti dzina la wakuba limamatirira munthu ngati cisoso pa nsalu.

"Unamunenera kuti?" anafunsa.

"Ku sukulu, amayi."

"Ukanenenso komweko. Onse amve. Ukatero abwera."

Lolemba Xefi anaima patsogolo pa kalasi. Mnyamata uja anaima patali, kuseri kwa mkuyu, akumvetsera. Xefi anafuna kulankhula m'Cipwitikizi, koma mau amene ankadziwa anali ocepa. Ankadziwa kupereka moni. Ankadziwa kuwerenga mpaka 20. Mau opepesera mnzake pa nkhani yotere analibe. Tsono analankhula m'Cinyanja. Ananena zonse, za dzimbiri, za kathumba, ndi za mantha ake.

Kalasi inakhala cete. Kenaka kamtsikana kolumidwa ndi linthumbwi kaja kanakuwa.

"Aphunzitsi! Xefi walankhula Cinyanja! Alembedwe!"

Ana anaseka kwambiri. Xefi anatenga pensulo, nalemba dzina lake pa pepala. Tsiku limenelo anasesa bwalo yekha. Ali mkati mosesa, mnyamata woweta mbuzi anathyola tsache lake, nayamba kusesa mbali ina. Sanalankhulane. Fumbi lokha ndilo linkakwera.

Aphunzitsi nao anapita kwao akuganiza. Anaona kuti mwana uja ananena zoona zonse m'cilankhulo ca kwao, ndipo kalasi yonse inamva. Iwo anali atamva kuti kuyambira 1993 masukulu ena ocepa a ku Tete anayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja, ndipo ena a ku Gaza m'Xichangana, Cipwitikizi cikubwera pang'onopang'ono. Kuyesako kunafika mpaka 1997, ndipo m'caka ca 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba m'masukulu ena m'zigawo za dziko. Koma aphunzitsiwa sanadikire zonsezo. Mmawa mwake anati, "Kuyambira lero, wolankhula Cinyanja salembedwanso."

"Nanga pa pepala ndizilemba ciani?" anafunsa Xefi.

Aphunzitsi asanayankhe, iye anakumbukira buku la namwino. Mvula inali itagwa pa mbeu ija.

Kuyambira pamenepo Xefi ankalemba maina a ana amene sanabwere. Sukulu ikatha, ankapita ndi anzake awiri kukawaona. Wina ankadwala malungo, ndipo anakauza namwino. Wina analibe malaya. Wina ankalera mwana, mai ake ali ku munda. Ena anabwerera ku sukulu. Ena sanabwerere, pakuti si zonse zimene mwana wa zaka 9 angathe kukonza.

Mwezi wa Okutobala utayandikira, pa Lacisanu panabwera mlendo wina. Anali mtsikana wamkulu wophunzitsa anthu za cisankho. Dziko la Moçambique linali kukonzekera cisankho coyamba ca zipani zambiri. Iye anaonetsa maxefi pepala lokhala ndi zithunzi. Anati munthu wa zaka 18 kapena kuposa amalowa yekha m'kacipinda. Amaconga amene wamufuna, napinda pepalalo, naliponya m'bokosi. Kenaka cala cake cimapakidwa inki yosacoka msanga, kuti asavote kawiri.

"Palibe amene amaona pamene waconga. Ngakhale a mfumu saona," anatero.

Kenaka anafunsa, "Nanga inu, anakusankhani ndani?"

"Aphunzitsi," anayankha maxefi onse.

Mlendoyo anangomwetulira, nayang'ana aphunzitsi aakulu.

Akuluakulu anavota pa 27, 28 ndi 29 Okutobala 1994. Joaquim Chissano ndiye anasankhidwa kukhala pulezidenti. Agogo anabwera kunyumba ndi cala ca inki, ndipo anacionetsa kwa aliyense.

Sabata yotsatira kalasi yoyamba nayo inavota. Anaima awiri, Xefi ndi mnyamata woweta mbuzi. Ana ambiri anali asanadziwe kuwerenga maina, tsono aphunzitsi anaika zitini ziwiri kuseri kwa mkuyu. Pa citini cimodzi anajambula duwa, pa cina mbuzi. Mwana aliyense analandira nyemba imodzi. Ankapita yekha kuseri kwa mtengo, naponya nyemba yake, nabwera kudzapakidwa mwaye pa cala.

Namwino anabwera kudzaonerera. Nduna imodzi ya a mfumu inabweranso, ndipo ndiyo inakhuthula zitini pa mphasa. Ana onse anawerenga mokweza, poyamba m'Cinyanja, kenaka m'Cipwitikizi.

Nyemba za mbuzi zinaposa za duwa ndi zitatu.

Maso a mtsikana anadzaza misozi. Anayang'ana pansi. Nduna inamuyang'ana, namwino naye anamuyang'ana, koma palibe amene ananena kanthu. Iye anapukuta maso ndi nsalu. Anatenga pepala ndi kacitini katsopano, napereka kwa mnyamatayo ndi manja awiri.

Xefi watsopano analandira. Kenaka anakanda mutu.

"Koma ine maina sinditha kulemba bwino," ananong'ona.

"Bwera mawa msanga. Ndikuonetsa pa dothi," anatero mtsikana.

"Nanga mbuzi?"

"Tikamangirira tonse. Awiri sitingacedwe."

Nthawi yopuma itakwana, atsikana anakumba kadzenje ka phada. Mmodzi anasendera, nasiya malo. Anamuitana ndi dzina lake lenileni, ndipo iye anapita kukakhala.