Mpira wa Ana ku Francisco Manyanga Umayambira m'Kope

Munthu wochokera ku Malawi akatuluka pa chipata cha Mwanza n'kulowa pa Zóbuè, msewu umamutsitsa pang'onopang'ono kuchoka kumapiri kupita kuchigwa cha Zambezi. Amadutsa Moatize kwa malasha, n'kuwoloka mtsinje wa Revúbuè, kenako Chingodzi ndi Matundo, mpaka kufika pa mlatho wolendewera wa Samora Machel umene unamalizidwa mu 1973. Magalimoto olemera masiku ano amazungulira ku mlatho wa Kassuende, wotsegulidwa mu 2014, choncho pano pamachuluka njinga zamoto, magalimoto ang'onoang'ono ndi anthu oyenda pansi. Tsidya linalo ndiye mzinda wakale wa Tete, ndipo limodzi mwa madera ake ndi Francisco Manyanga.

Madera a mzindawu, amene eni ake amawatcha ma bairro, ambiri anapatsidwa mayina a ngwazi za nkhondo yomenyera ufulu: Josina Machel, Filipe Samuel Magaia, Mateus Sansão Muthemba. Francisco Manyanga nayenso anali msilikali wa FRELIMO, ndipo ku Maputo kuli sekondale yaikulu yodziwika ndi dzina lake. Bairro iliyonse ili ndi mlembi wake, ndipo pansi pake pali atsogoleri a ma quarteirão, timagawo ta nyumba zoyandikana. Mpira wa ana umatsamira pa dongosolo lomweli. Timu imabadwira pa mzere wa nyumba zimene ana ake amadziwana kuyambira akukwawa, ndipo akuluakulu a kumeneko amadziwa kuti mwana uyu ngwa yani.

Ndinafika mu Disembala, sukulu zitatsekera. Ku Mozambique tchuthi chachitali chimagwa kumapeto kwa chaka, nyengo imene Tete amatentha koopsa. Kuno kutentha kudutsa madigiri 40 si nkhani yodabwitsa. Motero lamulo loyamba analiika ndi dzuwa: mpira umaseweredwa m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Masana bwalo limakhala la mbuzi.

Popita kubwalo ndinadutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba za njerwa ndi malata, ndikulambalala miyala imene yangoti mbwee m'nthaka ya Tete. Mayi wina ankayala masau ouma pa chiguduli, wina ankaika mabotolo a maheu m'ndowa ya madzi ozizira. Pa kampata kena, ana aang'ono anali atayamba kale. Mpira wawo unali wachikulunga, mapepala a pulasitiki okulungidwa zolimba n'kumangidwa ndi chingwe mopingasapingasa. Magolo anali miyala iwiri uku, patapata ziwiri uko. Panalibe woyimbira, koma malamulo analipo ndipo aliyense ankawadziwa. Makona atatu ndi penate. Mukachinya zigoli zisanu mumasinthana magolo, zikafika khumi masewera atha. Mpira ukagwera m'mpanda wa eni ake, wokautenga ndi amene waumenya. Akaputeni awiri ankasankha osewera mosinthana, ndipo kamwana kotsalira pomaliza ankakapatsa golo. Apa m'pamene mwana wa ku Tete amaphunzirira koyamba kuti masewera amakoma anthu akagwirizana zochita asanayambe.

Bwalo lenileni ndinalipeza pafupi ndi sukulu. Ndi dothi louma lopanda udzu, lotsetsereka pang'ono mbali imodzi, ndipo pakati pake pamadutsa kanjira ka anthu opita kumsika. Magolo ndi mapaipi achitsulo owotcherera, opanda ukonde. Anyamata awiri ankayenda chammbuyo atanyamula chitini cha phulusa, akuthira mzere motsatira chingwe chimene anzawo anachikoka kuchokera pa chikhomo china kukafika pa china. Ena ankatola miyala ndi magalasi osweka n'kumaponya kunja. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi matimu amene akusewera koyamba tsikulo, ndipo inalembedwa pamodzi ndi malamulo ena onse.

Kumene inalembedwako ndi m'kope la sukulu lachikuto cholimba, limene linali pa miyendo ya bambo wina wachikulire pansi pa mtengo. Momuzungulira munakhala aphunzitsi a matimu, amene ana amawaitana kuti mister. Palibe mwa iwo amene amalipidwa. Wina ndi mphunzitsi wa pulayimale, wina amayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, wina ndi mayi wogulitsa nsomba amene amayang'anira timu ya atsikana. Ankalankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndipo khutu la Mchewa limatolapo zambiri. Anandilola kusuzumira m'kopemo. Tsamba lililonse linali la timu imodzi: dzina la mwana, chaka chobadwa, kalasi, quarteirão yake, ndi dzina la kholo limene lavomereza. M'munsi munali siginecha ya mister. Mwana amene dzina lake mulibe m'kopemo salowa m'bwalo ngakhale atakhala katswiri wotani, ndipo amene walembedwa ku timu ina sangasamukire kwina mpikisano uli mkati.

Matimu anawagawa motsata zaka, ang'onoang'ono paokha, okulirapo paokha. Kuti adziwe wokumana ndi mnzake, analemba mayina pa timapepala, n'kutipinda, n'kutiponya m'chipewa, ndipo kamtsikana kamene kankangoonerera ndi kamene anakaitana kuti katole. Opambana amapeza mapointi atatu, olepherana imodzi imodzi. Timu yochedwa kupitirira nthawi imene anapangana imaluza osasewera. Zonsezi zinawerengedwa mokweza, aliyense akumva, mpira usanagundidwe.

Kenako inafika nthawi imene imavuta kuposa zonse, yoona zaka. Ana anandanda pamzere, aliyense atagwira chikalata chake. Ena anali ndi cédula pessoal, kabuku kosonyeza kubadwa kamene makolo amakasunga m'pepala la pulasitiki pansi pa sutikesi. Ena anali ndi chitupa cha BI, ena kapepala kochokera kusukulu. Mkulu uja ankaitana dzina, mwana n'kutuluka, mister wa timu inayo n'kuyang'ana chikalata ndi nkhope. Atafika pa mnyamata wina wamtali, wa mawu oyamba kale kukhuthala, mzere unayamba kung'ung'udza.

"Tio, ameneyu ndi wamkulu. Amaphunzira ndi achimwene anga," anatero kaputeni wa timu inayo, manja ali kumbuyo.

Mnyamatayo analibe chikalata. Mister wake anati chinanyowa ndi mvula. Mkuluyo sanakalipe. Anatuma mwana kukaitana amayi ake a mnyamatayo, amene anabwera akupukuta manja pa chitenje.

"Amayi, tithandizeni. Mwanayu anabadwa liti?"

Mayiyo anatchula chaka mosabisa, ndipo chinapitirira malire. Mnyamatayo anagwetsa nkhope. Chimene chinandikhudza n'chakuti sanamuthamangitse. Dzina lake analifufuta pa tsamba lina n'kulilemba pa tsamba la okulirapo, kumene mister wina anamulandira pomwepo. Chenjezo linapita kwa mister amene anamulemba molakwika, ndipo linalembedwa m'kope.

Vuto la zaka si la ku Tete kokha. Kuyambira mu 2009, FIFA yakhala ikugwiritsa ntchito makina a MRI kuunika mafupa a pamkono pa mipikisano ya osewera osapitirira zaka 17, chifukwa chinyengochi chinafika mpaka ku matimu a mayiko. Pa bwalo la dothi palibe makina otere. Chimene chilipo ndi anthu odziwana, ndi kholo lolankhula zoona pamaso pa anansi ake. Phindu lake limaoneka pa kamwana kakang'ono kamene kakanathyoledwa mwendo ndi munthu woposa msinkhu wake, kapena kukhala panja chaka chonse chifukwa malo ake atengedwa ndi wamkulu. Lamulo la zaka limateteza iyeyo.

Masewera oyamba anali a ang'onoang'ono, asanu ndi awiri mbali iliyonse, pa theka la bwalo. Woyimbira anali mnyamata wa kusekondale wochokera ku quarteirão imene sinkasewera, wezulo ali pakhosi, nthawi akuonera pa foni. Timu ina inavala malaya obiriwira osiyana kukula, ina inavala malaya akusukulu otembenuza. Ena anali ndi nsapato zampira, ambiri anali ndi nsapato zansalu, angapo analibe nsapato. Asanayambe, woyimbira anayendera mapazi onse, ndipo mwana wa nsapato zokhala ndi zitsulo kunsi anauzidwa kuti avule. Anagwirizana kuti pamene pali ana opanda nsapato, zitsulo siziloledwa.

Wina angaganize kuti uku n'kupotoza mpira, koma malamulo a dziko lonse, amene amasungidwa ndi bungwe la IFAB, amapereka mpata woti pa mpira wa ana pasinthidwe kukula kwa bwalo, kwa magolo ndi kwa mpira, kutalika kwa zigawo, komanso kuti wosewera wotuluka athe kubwereranso. Kuyambira mu 2017 amalolanso kutulutsa wolakwa kwa mphindi zochepa n'kumubweza. Pano anachita zomwezo. Kamnyamata kena katatukwana mnzake, woyimbira anakaloza pansi pa mtengo. Kanakhala pamenepo kakulira mwakachetechete, mister atagwada pambali pake akukalankhula, ndipo mphindi zake zitakwana kanabwerera m'bwalo n'kukagwira chanza amene kanamutukwana. Analinso ndi lamulo lakuti mwana aliyense wolembedwa ayenera kusewerako, ngakhale timu ikufuna chigoli. Ndinaona mister akutulutsa womwetsa zigoli wake n'kulowetsa kamwana koonda kamene malaya ankakafika m'mawondo. Ochemerera ena anadandaula, koma iye analoza kumtengo kumene kunali kope.

Pakati pa chigawo chilichonse wezulo ankalira kuti ana amwe madzi. Zigubu ziwiri zachikasu zinali pamthunzi, ndipo kubweretsa madzi ndi udindo wa makolo a timu imene yatchulidwa koyamba pa ndandanda. Ndalama za mpira, wezulo ndi mphatso zimachokera m'matumba a anthu omwewa. Timu iliyonse imasonkha ma metical ochepa, eni timagolosale amaponyapo kangachepe, ndipo msungichuma amawerenga zolowa ndi zotuluka pamaso pa onse kumapeto kwa sabata. Mphatso zimene ankakambirana zinali makope, zolembera ndi mpira umodzi wachikopa, poti Febuluwale akafika ana onsewa abwerera m'kalasi.

Madzulo dzuwa litafooka inali nthawi ya atsikana. Ena anafika mochedwerapo chifukwa anayamba atunga madzi ndi kutsuka mbale, ndipo n'chifukwa chake masewera awo anaikidwa nthawi imeneyi, mayi wa nsomba uja atalimbikira pa msonkhano. Anasewera molimba, fumbi lili kobo. Mtsikana wina wapakati ankadya njomba motsetsereka mpaka abambo amene ankangodutsa ndi njinga anaima. Masewera atatha, aliyense anaperekezedwa kwawo kusanade, monga mmene makolo analonjezedwera polemba mayina.

Ana amenewa ali ndi poyang'ana. Mumzinda momwemu muli timu ya Chingale de Tete, imene yaseweramo mu Moçambola, ligi yaikulu ya dzikoli. Kumtunda kwa Zambezi, kufupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli União Desportiva do Songo, imene inatenga ligiyo mu 2017, 2018 ndi 2022, n'kusonyeza kuti chikho chingathe kuchoka ku Maputo kubwera m'chigawo cha Tete. Ku likulu kuli mpikisano wotchuka wa ana wa Bebec, umene umachitika pa tchuthi chomwechi, matimu akuimira ma bairro awo. Ndipo aliyense amadziwa za Eusébio, wobadwa mu 1942, amene anayambira pa mpira wa nsanza m'fumbi la Mafalala asanakatchuke ku Benfica. Koma aphunzitsi amene ndinacheza nawo sankalonjeza ana za ku Ulaya. Ankanena za mwana wofika pa nthawi yake, womvera wezulo ngakhale akuona kuti walakwiridwa, ndi wobwerera kusukulu tchuthi chikatha. M'mera mpoyamba.

Nkhawa yawo yaikulu ndi malo. Kuchokera pamene migodi ya malasha ya ku Moatize inakopa anthu ochuluka, Tete wakula mofulumira, ndipo malo opanda nyumba akusowa. Bwalo limene lilibe mpanda kapena chikalata limadyedwa pang'onopang'ono, lero maziko a nyumba pakona, mawa kagolosale kumbuyo kwa golo. N'chifukwa chake amaitana mlembi wa bairro ndi akuluakulu a sukulu pa tsiku lotsegulira ndi lotsekera mpikisano, kuti aone ndi maso kuchuluka kwa ana amene malowo amawasunga.

Amene akufuna kuyambitsa mpira wa ana ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Ulónguè asadikire yunifolomu ndi wothandiza wa ndalama zambiri. Ayambe ndi kukhala pansi ndi makolo, alembe ana onse ndi zaka zawo zoona, agwirizane malamulo ochepa omveka, awawerenge mokweza, ndipo akhale okonzeka kuwatsata ngakhale tsiku limene akupweteka timu yawo. Makolo nawo alembetse ana awo akangobadwa ndi kusunga bwino zikalata, ndipo atsogoleri a madera ateteze mabwalo. Mwana amene waona wamkulu akugonjera lamulo limene analivomera yekha amakula akudziwa kuti chilungamo n'chotheka, ndipo adzachifuna kusukulu, kuntchito ndi m'boma.