Kuwerenga Madontho ku Mount Selinda

Amalawi amene akalambira m'minda ya tiyi ya ku Chipinge, monga Zona ndi Jersey, sanena kuti wodwala akulandira mankhwala kudzera m'mitsempha. Amangoti "amuika madzi." Mawuwa amayenda nawo mpaka ku chipatala cha mishoni cha Mount Selinda, m'mphepete mwa nkhalango ya Chirinda, kumene amishonale a American Board anakhazikika mu 1893.

Madzi ndi dzina loyenera ndithu. Mu 1832 Thomas Latta wa ku Scotland analowetsa madzi amchere m'mitsempha ya odwala kolera, ndipo njira yomweyo inapulumutsa ambiri pa mliri wa 2008 ndi 2009, umene unapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe. Diripi wamba siifuna magetsi: thumba amalipachika pamwamba, madzi n'kumatsika okha. Pa kachubu kozolowereka madontho 20 amapanga mililita imodzi, choncho lita yoyenera kutha m'maola 8 imafuna madontho 42 pa mphindi. Namwino amawerenga madonthowo. Nawonso agogo odwazika mdzukulu, amene zala zawo zinakhakhala ndi kuthyola tiyi, amawayang'anira ngakhale sanapondeko m'kalasi. Madontho akaima, iwo ndiwo amadzuka kukaitana.

Pampu yamagetsi imaposa maso a munthu. Imakankha muyezo weniweni, umene ndi wofunika kwa khanda, kapena kwa mayi wapakati wolandira magnesium sulphate, pakuti mankhwalawa akachuluka amafooketsa kupuma. N'chifukwa chake akatswiri a ku Rice University anapanga AutoSyP, pampu yosadya magetsi ambiri, imene inayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Komabe pampu ili ndi chiyankhulo chake. Ikalira imalemba "occlusion" kapena "air in line." Agogo aja, amene dontho ankalimva popanda womasulira, pamenepa amangogwira njakata, osadziwa ngati kulirako n'kwa imfa kapena n'kwa batire. Ena mwa mantha angathe kuizimitsa.

Chonsecho mawu alipo kale: njira yatsekeka, mwalowa mpweya, madzi atha. Chindau cha eni dera nacho sichingalephere kunena zomwezo. Aliyense wobweretsa makinawa kumidzi ayenera kumatapo mawu oterewa ndi kuwafotokozera odwazika, chifukwa pakati pa usiku namwino mmodzi akhoza kukhala ndi mabedi ambiri, ndipo woyamba kumva kulira kwa pampu ndi uja wagona pansi pafupi ndi wodwala.