Tinakatula Mwana ku Chongwe

Basi yathu inanyamuka ku Chipata kusanache. Tinadutsa Katete ndi Nyimba, tinaoloka mlatho wa Luangwa dzuwa lili paliwombo, ndipo titakwera ndi kutsika zitunda za ku Rufunsa tinafika pa Chongwe chakumadzulo, patatsala makilomita pafupifupi 45 kuti munthu alowe mu Lusaka. Pambali pathu panali mphwa wathu, mtsikana wa zaka 19 wochokera ku Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene tinali kukamtula pa imodzi mwa mayunivesite a m'boma limeneli. Atate ake anagulitsa ng'ombe zitatu kuti ulendowu utheke.

Mwanayu kwawo amalankhula Chichewa, koma sukulu yonse anaiphunzira m'Chipwitikizi. Chingerezi anangochilawa monga phunziro limodzi mwa maphunziro ambiri. Kuno ku Zambia ndicho chilankhulo cha boma, ndipo pa yunivesite mphunzitsi, buku ndi mayeso, zonse zimalankhula chomwecho. Tsiku loyamba lenileni tinaona kukula kwa katundu amene anasenza. Pa chitseko cha ofesi panalembedwa mawu akuti "push", iye n'kuyamba kukoka ndi mphamvu, chifukwa m'Chipwitikizi liwu lomveka chimodzimodzi, "puxe", limatanthauza kukoka. Anthu anaseka pang'ono, iye anawerama.

"Amalume," anatero titatuluka panja, "ngati chitseko chokha chandikana, nanga mabuku adzandilola?"

Tinasowa chomuyankha. Mmalo mwake tinamtenga kukayenda naye, kuti aone dziko limene adzakhalamo.

Boma la Chongwe linazolowera kulandira alendo. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, khomo lalikulu la dziko lino, lili m'boma lomweli. Ku Chalimbana, pafupi ndi kamtsinje ka dzina lomwelo kamene kamathira mu Chongwe, kunakhazikitsidwa sukulu ya Jeanes m'chaka cha 1939. Aphunzitsi ankabwera kuchokera kumadera akutali pamodzi ndi akazi awo, kudzaphunzira za kaphunzitsidwe, zaumoyo, ulimi ndi ntchito zamanja, kuti akabwerera akatukule midzi yawo. Pambuyo pake malowa anakhala koleji yosulira aphunzitsi amene ali kale pantchito, ndipo mu 2013 anasanduka yunivesite. Tinamuuza mwanayo kuti pansi pa mitengo imeneyi papita anthu ambiri amene anafika lilime lili lolemera.

Mawa lake tinapita ku Kasisi, mishoni imene inayambidwa ndi ansembe a Chijezuiti mu 1905. Woiyambitsa, Bambo Jules Torrend, anali Mfalansa. Iwo anali katswiri wa zilankhulo: mu 1891 anasindikiza buku lalikulu loyerekeza malamulo a zilankhulo za Chibantu, ndipo analilemba m'Chingerezi, chimene sichinali chilankhulo cha amayi awo. Atafika kuno anakhala pansi ndi eni dziko, kumvetsera mawu awo ndi nthano zawo, ndi kuzilemba. Mphwa wathu anamva zimenezi ali chete, kenaka anafunsa ngati nawonso ankasekedwa. Tinati palibe amene anaphunzira chilankhulo cha eni ake osasekedwapo.

Tinamsiya m'manja mwa mayi wina wa Chisoli amene amasunga ana a sukulu pakhomo pake, ndipo tinabwerera ku Chipata mitima ili m'mwamba.

Tinapitanso mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mtsinje wa Chongwe utaphwa mpaka miyala kuonekera. Zimene anatisimbira zinatidabwitsa. Ife tinkaganiza kuti Chinyanja chidzamthandiza, ndipo chinamthandizadi: pamsika sanavutike kugula tomato, ngakhale anayenera kuzolowera kuti kuno "tsopano" ndi "manje", ndiponso kuti wamkulu amamlemekeza ndi "ba" kumene kwathu timati "a". Koma chilankhulo chomwecho chinasanduka mphanga yobisalamo. Kwa miyezi iwiri sanatsegule pakamwa m'kalasi. Akatuluka ankathawira kwa anzake olankhula Chinyanja, ndipo Chingerezi chake chinangoima pamodzi. Mayeso oyamba anagwa.

Amene anamtulutsa m'mphangamo anali mtsikana mnzake wa ku Lubumbashi, amene anaphunzira m'Chifalansa ndipo Chinyanja sankachidziwa n'komwe. Awiriwa analibe mlatho wina wokumanirapo koma Chingerezi chawo chothyokathyokacho. Anapangana kuti madzulo alionse aziwerengerana mokweza ndime imodzi ya m'buku, wina n'kuifotokoza m'mawu akeake, mnzake n'kumufunsa mafunso. Anayamba kumvera nkhani za pa wailesi ya ZNBC m'Chingerezi ndi kulemba m'kope mawu achilendo. M'kope lomwelo munali tsamba la mawu onyenga, ofanana ndi a Chipwitikizi koma a tanthauzo lina, monga "library", nyumba yowerengeramo mabuku, pamene "livraria" ndi sitolo yogulitsa mabuku. Chovuta koposa, iye anati, chinali kuphunzira kufunsa mphunzitsi pamaso pa anthu, popeza kwawo analeredwa kuti mwana sadula wamkulu pakamwa. Anazindikira mochedwa kuti m'kalasi safunsa anadya phula.

Sukulu ina inali pakhomo pa mayi uja. Eni nthaka ya Chongwe ndi Asoli, pansi pa mfumu yaikulu Nkomeshya, ndipo chilankhulo chawo chili pachibale ndi Chilenje ndi Chitonga. Mayiyo anamphunzitsa kupereka moni m'Chisoli, anapita naye kumaliro a mnansi kukathandiza kutunga madzi, ndipo anamfotokozera za mwambo wa Chakwela Makumbi, umene umachitika mvula isanagwe, pamene mfumu imatsogolera anthu kupempha mvula ndi kudzala mbewu yoyamba. Kuyambira tsiku la malirolo anthu a pamudzipo analeka kumutcha "wa ku Mozambique uja".

"Ankolo ake," anatiuza mayiyo, "mwanayu Chizungu adzachidziwa. Chimene ndinkaopa ine n'chakuti angadziwe Chizungu chokha, anthu osawadziwa."

Okondedwa awerengi, ana otere akuchuluka pakati pathu, ochokera ku Mozambique, Angola ndi Congo, maiko oyandikana nafe kumene sukulu siziphunzitsa m'Chingerezi. Amakwera nafe minibasi, amachita lendi m'nyumba zathu. Akaphonya liwu, kuseka kwathu kungawatseke pakamwa chaka chathunthu; koma kuwalankhula pang'onopang'ono, kuwakonza mwaulemu ndi kuwaitana pa nsima sikutidyera ndalama. Ndipo makolo amene mukufuna kutumiza mwana kunja, mkonzereni chilankhulo asananyamuke, monga momwe mumamkonzera fizi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nkhondo ya mphwa wathu sinathe. Pa maphunziro anayi a chigawo choyamba anakhoza atatu, ndipo limodzi ayenera kulibwereza. Ng'ombe zija sizinabwerere m'khola. Komabe potiperekeza kukakwera basi, anaima kukambirana ndi kondakitala za mtengo wa katundu wathu m'Chinyanja cha mu Lusaka, anatembenuka kuyankha mnzake wa m'kalasi m'Chingerezi, ndipo potsiriza anagwada pang'ono natitsanzika m'Chichewa cha kwawo: "Muyende bwino amalume, mukawauze amayi kuti zitseko ndikutsegula ndekha."