Tikapulumukira mkamwa mwa mbuzi, amalemba ndani?

Abale anga a kwa Mwambo, makamaka inu a ku Kachulu, ndimvereni pang'ono.

Kuno ku Joni ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Germiston. Chilichonse chikachitika timachilemba pa kompyuta, ndipo pulogalamuyo siikulola kupitirira usanasankhe gulu: kodi munthu wavulala, katundu yekha ndiye waonongeka, kapena ngozi yangophonya? Gulu lachitatuli amati near miss. Kwathu timati kupulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Tsiku lina bokosi linagwa pa forklift n'kundiphonya phewa. Ine ndinangopukusa mutu n'kupitiriza ntchito, koma kapitawo anandibweza kuti ndikalembe. Ataona kuti malo omwewo alembedwa kachitatu, anatumiza anthu kukatseka kadzenje kamene kanali pansi.

Usiku umenewo ndinakumbukira ulendo wina wa ku chilumba cha Chisi ndili mnyamata. Bwato linadzaza anthu, matumba a chimanga ndi njinga pamwamba. Tili pakati mwera unauka, madzi anayamba kulowa, amayi akulira, ife tikukapa ndi zigubu zodula. Titafika kumtunda tonse tinati, "Mulungu ndi wamkulu." Ndi zoona. Koma m'mawa mwake bwato lomwelo linanyamuka ndi katundu wochuluka chimodzimodzi, ndipo palibe anafunsa kuti tinalimo angati. Kwathu timaitcha ngozi pokhapokha pakakhala maliro.

Lamulo la kuno la chitetezo pa ntchito la 1993, ndime 24, limati wantchito akafa, akakomoka, akaduka chiwalo kapena akalephera kugwira ntchito masiku 14, boma lidziwitsidwe. Ku Malawi lamulo la chitetezo pa ntchito lilipo, la 1997, koma ine sindinalimvepo likutchulidwa pa zimbowera kapena pakati pa okoka khoka la matemba.

Musaganize kuti kuno n'kwabwino konse. Ndinaonapo munthu atatemeka dzanja, akuluakulu n'kulemba kuti ngozi yangophonya, pofuna kuti mbiri ya kampani ioneke yoyera. Anzathu opanda mapepala amangomanga kansalu pabala n'kukhala chete. Zimandiwawa.

Kunyanja sitikusowa kompyuta. A komiti ya zausodzi ya BVC, gulani kope limodzi, mujambule mizere itatu, ngozi ikaphonya mulembe tsiku, bwato, chiwerengero cha anthu ndi mphepo yake. Pakutha pa mwezi muwerengere anthu padoko, agulupu ali pomwepo. Ndalama ya kope ndi cholembera ndituma ine.