Nyenje ya m'khutu la amalume

Amalume anga anagwila nchito m'mugodi ku Copperbelt zaka zambili, kuboola miyala ndi makina a phokoso loopsa. Pobwelela kwathu ku Katete anabwela ndi njinga, malata, ndiponso nyenje m'khutu la kumanzele. Nyenje za m'thengo zimalila m'cilimwe, mvula ikagwa n'kuleka. Yao ilibe nyengo. Usiku mudzi ukati zii ndiye imakula mau, tulo osabwela. Ena anati pali amene akuwanena miseche, ena anati alodzedwa, ndipo mbuzi ziwili zinathela kwa asing'anga.

Madotolo amacha vutoli tinnitus. Mkatikati mwa khutu muli kacipinda kopindika ngati nkhono, mmene muli tiubweya tosaoneka ndi maso totumiza mau ku ubongo. Phokoso lalikulu ndi ukalamba zimapha tiubweyato, monganso jekeseni ya streptomycin, ndipo tikafa sitimelanso. Kwinini nayonso imaliza makutu. Ubongo ukasowa mau amene unazolowela umayamba kudzipangila wokha, monga wailesi yotaya siteshoni imene mwini wake waikweza mau: imangoti sooo.

Nditawauza kuti kunja ena amathandizidwa ndi magetsi, amalume anayang'ana batile ya sola ili pakhonde. "Mphwanga, nanga iyi?" Ndinacita mantha. Ca m'ma 1800 Alessandro Volta wa ku Italy anayesa zotelo, kulowetsa timitengo ta citsulo m'makutu mwake ndi kutilumikiza ku batile. Anagwedezeka mutu, namva ngati phala lobwata, ndipo sanabwelezenso. Owelenga, musayese konse zimenezi.

Njila yeniyeni inapezeka pofunafuna cina. Mu 1961 William House wa ku Los Angeles anayamba kuika timawaya m'kacipinda kaja kuti ogontha amve, ndipo mu 1978 Graeme Clark wa ku Melbourne anaika kamakina ka timawaya tambili. Codabwitsa n'cakuti odwala oculuka anati kamakinako kakayatsidwa, kulila kwa m'khutu kumacepa kapena kuleka. Mtsempha wakumva ukalandilanso uthenga, ubongo umakhala pansi. Ku Bordeaux, m'dziko la France, akatswili anaona m'zaka za m'ma 1970 kuti magetsi oyenda mbali imodzi amaziziletsa phokosolo, koma akakhalitsa amaononga khutu; cifukwa cake makina a lelo amatumiza timagetsi tofooka tosinthasintha. Mu 2008 madotolo a ku Antwerp, Belgium, analengeza kuti anthu ogontha khutu limodzi, ozunzika ndi kulilako, anapeza mpumulo ndi kamakinaka.

Apa m'pamene mtima wanga unagwa. Pamafunika opaleshoni, ndalama zake sizingakwane ngakhale mutagulitsa khola lonse, ndipo amaikila okhawo amene khutu lao linafelatu kapena latsala pang'ono. Ena kakazimitsidwa nyenje imabwelanso, ndipo owelengeka imawakulila. Khutu la amalume likali kumva pang'ono, motelo dotolo wa makutu ku Lusaka anawauza kuti ayambe ndi kothandiza kumva kovala kunja, cifukwa nakonso kamaphimba kulilako.

"Ndiye kuti sindinalodzedwe?" anafunsa tili m'basi.

"Iai, amalume, ndi makina aja."

Anakhala cete kufikila ku Nyimba. Masiku ano amagona wailesi ikulankhula capansipansi kumutu kwa mphasa. Mwana wao wacisamba, amene amagaya cimanga pa cigayo tsiku lonse, anamulamula kuti azitseka makutu asanalize injini.